Pikapu Yomwa Bwemba

Pikapu inawiranso pa mlambe womwe uja. Kasingano kosonyeza kutentha kanakwera mpaka kukagona pofiira, kutsogolo kunafuka nthunzi, ndipo a Geresomo anazimitsa injini n'kutsika akukoka bondo lawo lodwala. Mkazi wawo Otilia anatsala m'kati atafungatira chigubu cha madzi ngati mwana wamalungo. Anali atasiya kuwerenga kuti kanali kachingati mwezi wa Sepitembala umenewo. Chimene ankadziwa n'chakuti mayi wina wa m'mudzi wapafupi anali atayamba kugulitsa thobwa pansi pa mlambewo, ataona kuti pali galimoto imene siphonya kuima pamenepo.

"Muyambe mwadikira izizire, bambo a Leonard. Dzana munapsa chala."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsegula mainjini ku esiteti ya nzimbe. Sindingaphunzitsidwe ndi munthu wonyamula chigubu."

"Ndiye tsegulani. Chalacho ndi chanu."

Sanatsegule. Anakakhala pa muzu wa mlambe n'kugula thobwa. Ngolo ya ng'ombe ziwiri inawapitirira, ndipo mwini wake anavula chipewa n'kufunsa mwaulemu wonse ngati pali uthenga woti akawaperekere ku boma, poti iye akafikako msanga. Otilia sanaseke. Kunali kutatsala masabata atatu okha kuti Tsiku la Anakubala lifike.

Nkhaniyi inayamba chaka chapitacho, pamene Leonard, mwana wawo wogwira ntchito ku Blantyre, anabwera mosayembekezereka n'kupeza mayi ake atakhala m'mbali mwa msewu, dengu la mapira lili pambali, mapazi atatupa, msika ukadali kutali. Kwathu ku Chapananga kuno msika suyandikira munthu, ndipo chipatala nachonso chimodzimodzi. Leonard ananena tsiku lomwelo kuti makolo ake asamukire ku Blantyre, chipinda chilipo kale, mbuzi zigulitsidwe. Chipindacho Otilia ankachidziwa, anagonamo sabata imodzi. Zenera lake linayang'ana khoma la neba, munkazizira ngakhale mu Okutobala, ndipo tsiku lonse munthu unkangokhala n'kumaonerera mpongozi akugwira ntchito imene iwe ukanaimaliza kalekale. Anakana. Leonard anayankha kuti kukana sikunyamula munthu kupita naye kuchipatala.

Pamenepo a Geresomo ananena kuti apanga galimoto. Leonard anaseka, koma ataona kuti bambo ake sakuseka nawo, anaika mfundo yake. Chaka chamawa pa Tsiku la Anakubala adzatsika basi pa Dyeratu. Galimotoyo ikadzamutenga pamenepo n'kumufikitsa pakhomo osaima panjira, nkhani ya Blantyre idzakhala yatha. Ikadzaima ngakhale kamodzi, makolo alongedze.

Chigoba cha pikapu anachipeza kuseri kwa sitolo ina ku Nchalo, nkhuku zikuikiramo mazira. Injini ya dizilo inachokera pa pampu yakale yothirira mbewu m'mbali mwa Shire. Giyabokosi inali ya kalole kena, radiyeta ya minibasi, ndipo mpando unali benchi la ku tchalitchi limene chiswe chinadya miyendo yake. Zonsezi zinafika pakhomo pa ngolo, chimodzichimodzi, ndipo wozilumikiza anali Jeremiya, wowotcherera zitsulo wa pa msika, munthu wokonda kuimba mluzu kuposa kulankhula. Shafuti, chitsulo chopititsa mphamvu ya injini ku matayala, inali yaitali, Jeremiya anaidula. Inafupika, anaiwonjezera. Tsiku loyamba kuiliza injini inalira pang'ono n'kufa chifukwa mphepo inalowa m'mapayipi a dizilo, ndipo a Geresomo anapopa kapampu ndi chala chachikulu mpaka chinachita thuza. Italira bwino, anaika giya yoyamba mudzi wonse ukuonerera. Pikapu inanyamuka chafutambuyo n'kukagwetsa chitseko cha khola la mbuzi. Anali atamangirira chitsulo cha matayala am'mbuyo chadodolido, moti galimotoyo inali ndi magiya anayi opita kumbuyo ndi imodzi yopita kutsogolo. Anamasulanso, anatembenuza, mu Meyi inayenda ngati galimoto ya anthu.

Otilia anali ndi mawu pa chilichonse, koma ntchito anapatsidwa imodzi yokha. Payipi yapansi ya radiyeta inkadontha pang'ono, choncho m'mawa uliwonse ankayenera kuthiramo madzi. A Geresomo anamuuza kuti azitunga m'diramu ya kuseri kwa nyumba, imene anaitchera pansi pa malata nthawi ya mvula. A m'diramu okha, osati ena. Chifukwa chake sananene, ndipo iye sanafunse. Anthu akakhala m'banja zaka makumi anayi, mwamuna amaganiza kuti mkazi akudziwa kale, mkazi amaganiza kuti mwamuna akungolamula mwachizolowezi.

Atavundukula diramuyo, Otilia anabwerera m'mbuyo. Madziwo anali obiriwira, tinyongolotsi ta udzudzu tikuvina momwemo, ndipo pamwamba pankayandama buluzi wakufa mimba ili m'mwamba. Tsono Otilia anali wa komiti ya mjigo komanso ya ukhondo m'mudzimo. Anali atatayitsa mitsuko ya anthu chifukwa cha madzi oyera kuposa amenewo. Kodi anthu akanati chiyani atamva kuti mayi wa komiti akusunga udzudzu kuseri kwa nyumba yake, n'kumamwetsa galimoto yatsopano madzi a buluzi? Anagubuduza diramuyo n'kukhuthulira madzi onse pa mitengo ya mapapaya. Anaikwecha ndi mchenga ndi phulusa, kenako anaidzaza ndi madzi a pa mjigo, oyera ngati galasi.

Madzi a mijigo ya kuno ndi oyeradi, koma ndi amchere. Sopo sachita thovu, mlendo akamwa tiyi amayamba wayang'ana m'kapu. Ife tinazolowera, sitiwamvanso.

Sanauze munthu. Kuuza a Geresomo kuti wataya madzi awo kukanakhala kuitanitsa msonkhano wa tsiku lonse, ndipo Otilia sankakonda misonkhano imene sakuitsogolera yekha. Diramu ikatsika ankangoidzazanso. A Geresomo sankafika kuseri kawirikawiri chifukwa cha bondo lija, koma tsiku lina anasuzumiramo, anaona madzi ali mbee, odzaza, ndipo Lamulungu lotsatira anaimirira mu tchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa cha diramu ya madzi a mvula imene sikutha chilimwe chonse. Otilia ananena ameni pamodzi ndi anzake.

Mu Juni ndi Julaye pikapu inayenda bwino. Inanyamula mapira, mbuzi, kwaya ya amayi, ngakhale mayi wina woyembekezera amene anafika kuchipatala nthawi yake. Mu Ogasiti kasingano kanayamba kukwera. Pofika Sepitembala inali ikuwira, ndipo ikawira Otilia ankathiramo madzi ena, iwirenso, athirenso.

A Geresomo anayamba ndi fanibeluti, lamba wozunguza fani, anaikunga. Anachotsa kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi, anati kafooka. Anasintha taimingi, nthawi imene dizilo amalowa mu injini, kupita kutsogolo, injini inayamba kugogoda, anaibwezera kumbuyo, inayamba kufuka utsi woyera. Anatsegula mutu wa injini n'kuika gasiketi ina, chotsekera mpata wa pakati pa mutuwo ndi thunthu la injini. Anaika fani wamkulu wa thirakitala amene ankalira ngati ndege. Pomaliza anachotsa boneti kuti mphepo izilowa, ndipo bonetiyo inakhala chitseko cha khola la mbuzi m'malo mwa chothyoka chija. Chilichonse chimene ankachita, pikapu inkafika pa mlambe n'kuwira.

Anthu ena anayamba kunena kuti pa mlambepo pali zinthu, galimotoyo ikufunika kukaitemera. Otilia anawauza kuti pa mlambe pali chitunda basi, ndipo injini yotentha kale imamalizikira pachitunda. Pamenepo ananena zoona. Zina zonse zimene ananena zinali zabodza. Anati vuto ndi kuwotcherera kwa Jeremiya. Anati ndi dizilo wa m'zigubu. Anati ndi maso a amuna ake amene saonanso bawuti yaing'ono. Pa mjigo anauza amayi anzake, uku akupopa madzi a m'diramu, kuti amuna amadziwa kuyamba zinthu koma kumaliza ayi.

Tsiku lina Jeremiya anasiya mluzu n'kufunsa ngati radiyeta siinatsekeke m'kati. A Geresomo anakwiya. Anati radiyetayo anaitsuka okha ndi manja awo asanaimange, madzi ankatuluka ngati pa mpope, ndipo chiyambire imamwa madzi a mvula okhaokha. Otilia anali pomwepo akupeta mapira. Anadziuza kuti ngati madzi a buluzi anali abwino, ndiye oyera ndi abwino koposa. Anapitiriza kupeta.

Kutatsala masiku khumi, m'mawa, Otilia anapendeka ketulo kuti athire tiyi wa amuna ake. Madzi sanatuluke. Anangodontha pang'ono kukamwa kwa ketuloyo, chivundikiro chikudumpha ndi nthunzi. Sizinali zachilendo. Anatenga waya wake wa masiku onse n'kutokosa, ndipo munagwa zigamphu zoyera zolimba ngati zikamba za mazira. Mayi aliyense wa kuno amadziwa zimenezi: miyezi iwiri iliyonse ketulo imatsekeka ndi mchere wa pa mjigo, umaitokosa, kenako umaiviika m'madzi a bwemba, m'mawa mwake yayera.

Anaima ndi waya m'manja. Kukamwa kwa ketulo kumalowa chala cha munthu wamkulu, koma kumatsekeka. Timapayipi ta radiyeta anationa tsiku limene ankaimanga, tinali tating'ono ngati udzu wofolerera.

Anasiya tiyi n'kupita pa pikapu, imene inali yozizira pansi pa mtengo. Anatsegula chitsekerero cha radiyeta, anapisamo chala n'kukanda. Chikhadabo chinabwera ndi zoyera. Analawa. Kenako anatsekanso bwinobwino n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku.

Maganizo oyamba amene anamubwerera, tinene zoona, anali oti akonze mwakachetechete. Athiremo bwemba amuna ake atapita kokacheza, pikapu ichire yokha, a Geresomo aziti ndi taimingi. Koma kukhetsa madzi akale kunkafunika sipanala, madzi a mvula kunalibe, ndipo m'mawa womwewo a Geresomo anali atayala kale thumba pansi ndi masipanala awo, akufuna kutsegulanso mutu wa injini kuti autumize ku Blantyre akaupale. Mutuwo ukanapita, sukanabwerera Tsiku la Anakubala lisanafike. Otilia anaona zenera loyang'ana khoma la neba lija ngati lili patsogolo pake.

Anatenga ketulo kudzanja limodzi, zigamphu zoyera kudzanja lina, n'kukaima pamaso pa amuna ake.

"Musatsegule mutuwo. Izi zachokera mu ketulo. Izi zachokera mu radiyeta yanu."

A Geresomo anavala magalasi, anayang'ana, anafikisa ndi zala. "Madzi a mvula sachita izi."

"Sachitadi."

Mbuzi ina inkadzikanda pa boneti ya ku khola, chitsulo chikulira.

"Mayi a Leonard, madzi anga a mvula ali kuti?"

"Anamwa mapapaya. Mu Meyi."

"Mapapaya amene ndakhala ndikudya aja?"

"Munkati akutsekemera chaka chino."

A Geresomo anaika sipanala pansi mosamala ngati dzira. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuwawa Otilia kuposa kukalipa. Anangowerenga zimene anamasula pachabe, fanibeluti, taimingi, gasiketi, fani, boneti, ndi chala chimene chinapsa. Kenako anakumbukira china, nkhope inagwa. "Ine ndinaimirira mu tchalitchi chifukwa cha diramu imeneyo."

"Ndinalipo."

"Munanena ameni."

"Nanga ndikanati chiyani pagulu? Inunso mukanangonena kuti a pa mjigo amatseka radiyeta. Mawu asanu okha."

"Inu mukanangofunsa. Mawu amodzi."



A Geresomo anati pafunika mankhwala otsukira radiyeta amene ankagwiritsa ntchito ku esiteti, koma kuno sapezeka, ndipo kufunsa Leonard kuti atumize n'kudziulula. Otilia anati pafunika bwemba. Iwo anati injini si phala. Iye sanatsutsane nawo. Anaviika bwemba, anathira mu ketulo ija, ndipo m'mawa mwake anawaonetsa m'kati mukuwala, madzi akutuluka kukamwa ngati ketulo yatsopano. A Geresomo anaitembenuza kawiri, anaiyang'anira padzuwa, kenako anafunsa kuti bwemba wochuluka choncho apezeka kuti.

Bwemba sanavute, inali nyengo yake, mitengo inali lende. Chovuta chinali madzi. Osakhala amchere anali ku mtsinje wa Mwanza kokha, kofukula mumchenga, ndipo kunali kutali koti munthu sangasenze diramu. Otilia anayenera kukapempha ngolo kwa bambo wovula chipewa uja. Bamboyo anafunsa kuti nanga mjigo wawonongeka. Otilia anafotokoza mwachidule. Bamboyo anamvetsera mwaulemu, anamanga ng'ombe zake mwaulemu, ndipo pofika masana mudzi wonse unali utamva. Atapita pa mjigo kukatunga akumwa, amayi anamupatsa njira n'kunena kuti a komiti atunge kaye, mwina galimoto ili ndi ludzu. Wina anafunsa ngati amuna akadali osadziwa kumaliza zinthu. Otilia anapopa ndowa yake mpaka kudzaza, anasenza, osatayako ngakhale dontho.

Anaviika bwemba m'mabeseni awiri, anafinya ndi manja mpaka zala zinachita makwinya, anasefa ndi chitenje kawiri kuti njere ndi ulusi zisalowe. A Geresomo anakhetsa madzi akale, anathira a bwemba, analiza injini mpaka kutentha, n'kuisiya mpaka m'mawa. Atamasula payipi yapansi munatuluka zinthu ngati phala la ufa woyera losapsa. Anabwereza katatu. Pakhomo ponse pankanunkha ngati pophikira chakumwa cha ukwati, njuchi zinayamba kuzungulira pikapu. Kachitatu madzi anatuluka othamanga, ndipo a Geresomo anati "takhuta" chapansipansi, mmene timanenera zikomo kuno, akuyang'ana radiyeta, kuti asaoneke ngati akuthokoza munthu.

Atathira madzi a ku Mwanza, radiyeta inayamba kudontha malo anayi. Mchere uja, potseka timapayipi, unali utatsekanso timabowo takale ta minibasi. Anaitana Jeremiya. Anabwera, anaona zigamphu zoyera zili mbwee pansi, sananene kuti ndinanena ine. Anangoimba mluzu nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo Otilia akanakonda kutukwanidwa. Mabowo atatu anawamata ndi mtovu. Lachinayi linali pakona posafika chitsulo chake, ndipo a Geresomo anakanikizirapo sopo wochapira amene Otilia anadula pa mtanda wake.

Pa Tsiku la Anakubala ananyamuka dzuwa likutuluka. Anadutsa pa mlambe kasingano kali pakati, anafika pa Dyeratu bwinobwino. Koma m'mawa chilichonse chimayenda. Basi inachedwa, inafika dzuwa lili paliwombo, phula likunyezimira ngati lanyowa. Leonard anatsika ndi mkazi wake Teresa. Anazungulira pikapu, anayang'ana injini yopanda boneti, benchi la ku tchalitchi, fani wa thirakitala. Ananunkhiza n'kufunsa kuti ndani akuphika bwemba. Bambo ake anamuuza kuti akwere.

Teresa sakanakhala mopanikizana ndi apongozi ake aamuna pa benchi limodzi, choncho Leonard anakhala kutsogolo, ndipo amayi awiriwo anayala mkeka kumbuyo pamodzi ndi chigubu cha madzi a ku Mwanza. Otilia anakhala cham'mbali kuti aziona kasingano kudzera pa galasi, pakati pa mapewa a bambo ndi mwana. Teresa ankamuuza za chipinda chija, kuti anachipaka penti ndipo anaikamo makatani atsopano. Otilia ankangoti zikomo, maso ali pa kasingano.

Atapitirira boma kasingano kanachoka pakati. Patsogolo pang'ono anakumana ndi ng'ombe zikudutsa msewu, zambiri, zosafulumira. A Geresomo anaika giya yoyamba n'kumakwawa, matayala akutembenuka pang'onopang'ono moti ntchentche zinkatera pa galasi, koma sanaime. Otilia anaona Leonard akusuzumira pa zenera kuyang'ana tayala. Atatembenuka kuyang'ana kumbuyo, anaona chinthu china: pa fumbi la msewu panali mzere wa madontho ukuwatsatira. Sopo uja anali akusungunuka. Anasendera n'kutambasula chitenje chake ngati akudziteteza ku fumbi, kuti Teresa asaone, ndipo anamufunsa kuti makataniwo ndi a mtundu wanji.

Chitunda chinayamba. Injini inasintha mawu, fani analira, kasingano kanakwera mpaka kutsala mpata wa chikhadabo kuti kakhudze pofiira. Mlambe unaonekera. Mayi wa thobwa anali ataimirira kale, makapu anayi ali m'manja, akumwetulira. Otilia anagwira chigubu ndi manja onse awiri, ngakhale sakanatha kuthira madzi galimoto ikuyenda. Khosi la a Geresomo linali thukuta lokhalokha. Anafika pa mthunzi wa mlambe, anaudutsa, ndipo a Geresomo analiza hutala kawiri. Mayi uja anatsala makapu ali m'mwamba. Kutsetsereko kasingano kanabwerera pang'ono, ndipo Otilia anazindikira kuti Teresa wakhala akumuuza mtundu wa makatani iye osamva kanthu.

Anaima pakhomo, pansi pa mtengo wawo. Injini itazima, pansi pake panayamba kudontha moonekera. Leonard anagwada, anayang'ana, anaona sopo akuchita thovu pakona ya radiyeta. Atadzuka anati mawu ndi mawu, galimoto siinaime, makolo akhale. Anawonjeza kuti radiyeta ina abweretsa yekha pa Khirisimasi, chifukwa sangalole kuti mayi ake azipita kuchipatala modalira sopo. Kenako anafunsa kuti vuto limene ankamva kwa anthu, loti inkawira, linali chiyani.

"Taimingi," anatero a Geresomo, osayang'ana mkazi wawo.

Otilia anailandira mphatso imeneyo n'kupita kukamasula mbuzi ya alendo. Anaisunga mpaka madzulo.

Dzuwa litapendeka, Teresa, amene sakhala manja ali chete, anayamba kutsitsa katundu m'pikapu. Anatsitsa mkeka, anatsitsa chigubu, anachitsegula n'kusuzumiramo. Madzi a ku Mwanza anali otuwa, pansi pali mchenga, ndi kaudzu kakuyandama. Anakwinya mphuno. Otilia, akuchokera ku khola, anamuona akulowera ku mapapaya chigubu chili chopendekeka kale.

"Mukupita nawo kuti madziwo, mayi?"

"Ndi akuda, amayi. Nditaye, nditsuke chigubuchi, ndikakutungireni oyera pa mjigo. Sindimafuna kukuvutitsani ndi kufunsa."

Otilia anamulanda chigubucho, anachitseka, anachikhazika pansi n'kukhalapo. Anamuuza Teresa kuti akhale pa mkeka. Anamufotokozera zonse, kuyambira buluzi mpaka ameni wa mu tchalitchi, osasiyako ngakhale za pa mjigo. Teresa anayesetsa kusaseka mpaka misozi inatuluka.

"Sekani, palibe mlandu, mudzi wonse unaseka kale," anatero Otilia. "Si taimingi ayi, apongozi anu akungondifunditsa chitenje. Ndine ndinatsala pang'ono kudzisamutsa ndekha kupita ku makatani anuwo, ndi ndowa yanga, ndi ukhondo wanga. Ndakuonani kayendedwe kanu popita ku mapapaya kuja, n'chimodzimodzi ine. Tsono inu mukadali ndi zaka zambiri m'banja. Mukapeza chinthu chonyansa chimene munthu wachisunga dala, muyambe mwafunsa kuti n'chachiyani musanachitaye. Mukatero n'kulakwitsabe, mukanene tsiku lomwelo, osadikira miyezi isanu ndi gasiketi. Chonde, muchiteko bwino kuposa ine. Tsopano dzukani mukaike chigubuchi kuseri, pafupi ndi diramu, ndipo musachitsuke."